Ng'oma ikaleka kulira, tiwerengereni ndalama zake

NAMACULA, Lichinga. Mwezi wa Seputembala ukafika kuno ku Lichinga chisanu chimatha, fumbi limabuka, ndipo zimkuzamawu zimayamba kulira. Pa 23 Seputembala mzinda uno umakumbukira tsiku limene udakwezedwa kukhala mzinda m'chaka cha 1962, pamene unkatchedwa Vila Cabral, ndipo tsikuli silidutsa popanda nyimbo ndi magule. Nyengo yotentha ndiyo nyengo ya zikondwerero za nyimbo m'dziko lathu, kuyambira ku gombe la Wimbe ku Pemba mpaka ku Zalala kufupi ndi Quelimane. Nafenso kuno ku Niassa tili ndi chathu, Festival das Estrelas do Lago, chimene chakhala chikuchitikira pa gombe la Chuanga ku Metangula.

Pa zikondwerero zotere magulu anu a mganda, chioda ndi magule ena amaitanidwa kuti adzavine. Amabwera, amavina, anthu amawomba m'manja, amabwerera kwawo. Mawu anga lero ndi awa: chikondwerero chilichonse chimene chadya ndalama za boma kapena za khonsolo ya mzinda, ndalamazo ziwerengedwe poyera chikatha, ndipo ovina ochokera kumidzi alembedwe pa mzere woyamba wa olipidwa.

Zimenezi si zachilendo kwa inu. Pa maliro kumudzi, mwambo usanathe, munthu mmodzi amaimirira ndi kope m'manja n'kuwerenga chipepeso: akuti apereka lichero la ufa, akuti nkhuku, mpingo wakuti mametikali akuti, achibale a kutsidya kwa malire makwacha akuti. Akatero amanenanso zimene zapita ku bokosi, ku nsalu ndi ku ndiwo, ndi zimene zatsalira amasiye. Palibe amene amakwiya kuti akumuyesa wakuba. Aliyense amadziwa kuti ndalama ya anthu ambiri imafuna maso a anthu ambiri, ndipo woperekayo akamva dzina lake amadzaperekanso mawa. Pa ukwati, pa sadaka, pa msonkhano wa mpingo ndi chimodzimodzi. Nanga chikondwerero cha mzinda, chimene chimadya ndalama zoposa maliro 100, chisiyane chifukwa chiyani?

Tiyambe ndi kumene ndalama za chikondwerero zimachokera, pakuti matumba ake alipo atatu.

Thumba loyamba ndi la pakhomo, la matikiti. Anzathu a ku Malawi amalidziwa bwino. Lake of Stars idayamba m'chaka cha 2004 ku Chintheche, ndipo Sand Music Festival adaiyambitsa Lucius Banda m'chaka cha 2010, woimba amene adatisiya mu 2024. Kumeneko wolowa amalipira. Anthu akabwera ochepa, mwini chikondwerero ndiye amagona ndi ngongole, akachuluka phindu ndi lake. Ndalamayo ndi yake, choncho sitingamukakamize kutiwerengera, kupatula kuti alipire msonkho ndi oimba ake.

Thumba lachiwiri ndi la makampani: a mafoni, a zakumwa, a mabanki. Iwowa sapereka chifukwa cha chifundo chokha. Amafuna dzina lawo lioneke pa nsanja ndi pa malaya, ndipo m'dziko lathu lamulo nambala 4/94 limalola kuti amene wathandiza ntchito za chikhalidwe apepukidwe pa msonkho wake. Mwaona pamenepo, ngakhale ndalama ya kampani ili ndi kagawo ka anthu, pakuti msonkho umene wapepukawo ukadalowa m'thumba la boma. Palinso zikondwerero zina zoyenda ndi thandizo la abwenzi, monga Tumaini ya ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, imene idayamba mu 2014 ndipo anthu amalowa ulere.

Thumba lachitatu ndi lanu. Mayi wa ku Namacula amene amagulitsa tomato pa msika wa Chiuaula amalipira tikiti ya pamsika tsiku ndi tsiku. Wokhala mumzinda amalipira msonkho wa pamutu umene timautcha IPA, wa kumudzi amalipira IRN. Bambo wa ku Ngauma akagula malata kapena njinga mu sitolo, pa mtengowo pali IVA, imene kuyambira 2023 ili pa 16 pa 100 iliyonse. Khonsolo kapena boma la chigawo likamati tathandiza chikondwerero, ndi ndalama zimenezi likunena. Galimoto ya boma yonyamula mipando, mafuta ake, apolisi olondera, bwalo loperekedwa ulere, zonsezi ndi ndalama, ngakhale palibe amene adaziona zikuchoka m'manja kupita m'manja.

Zikondwerero zathu zambiri zimasakaniza thumba lachiwiri ndi lachitatu, ndipo chifukwa poti olowa salipira, anthu amaganiza kuti chinthucho n'chaulere. Chaulere palibe. Mudalipira kale musanafike pabwalo.

Tsopano tione kumene ndalamazo zimapita. Kumapeto kwa Julaye 2018 Lichinga idalandira Festival Nacional da Cultura yachikhumi. Chikondwerero chimenechi chili ndi mbiri yaitali: chidayamba ngati mpikisano wa magule ku Maputo mu 1978, ndipo pambuyo pake chidayendera Pemba mu 2006, Xai-Xai mu 2008, Chimoio mu 2010, Nampula mu 2012, Inhambane mu 2014 ndi Sofala mu 2016, chisanafike kuno. Magulu adabwera kuchokera m'zigawo zonse za dziko, atasankhidwa kuyambira m'maboma mpaka pa chigawo. Amene adaona masiku amenewo adaphunzira kuti chikondwerero si kuimba kokha. Anthu onsewo amafuna pogona, chakudya, madzi, zimbudzi, mabulangete, pakuti Lichinga ili pamwamba pa mapiri, mamita oposa 1,300, ndipo chisanu cha Julaye sichiona nkhope.

Chikondwerero chaching'ono cha mzinda kapena cha pagombe chili ndi mizere yomweyo, kungoti ndi yaifupi. Pali nsanja, magetsi ndi zimkuzamawu. Zida zikuluzikulu zikabwerekedwa ku Nampula zimayenda makilomita oposa 600 pa lole kubwera, ndi ena otero kubwerera, ndipo amisiri ake amadya ndi kugona masiku onsewo. Pali jenereta ndi dizilo wake, poopa kuti magetsi angazime woimba ali pakati pa nyimbo. Pali woimba wotchuka wa ku Maputo kapena wa kunja, amene amalipidwa mtengo wake, tikiti ya ndege ya iye ndi gulu lake, ndi hotela. Pali malaya ndi makapulana osindikizidwa dzina la chikondwerero. Pali chakudya cha alendo olemekezeka, ndi ndalama zapaulendo za akuluakulu a m'maofesi amene amatsagana nawo.

Onse amene ndatchulawa ali ndi mphamvu imodzi: amatha kukana. Mwini zimkuzamawu satsitsa katundu pa lole asanaone theka la ndalama. Woimba wa ku Maputo sakwera ndege mgwirizano usanasainidwe. Wa dizilo sapungula pa ngongole. Amene alibe mphamvu yokana ndi gulu la chioda la ku Cóbuè kapena la mganda la m'mbali mwa nyanja. Iwowa amaitanidwa ndi kalata kapena ndi mawu a pakamwa kudzera kwa mfumu, amauzidwa kuti ndi ulemu kuimira boma lawo, ndipo amanyamuka. Ndalama zikachepa, ndipo nthawi zambiri zimachepa, wopanda pepala ndiye amatsala. Ichi si chifukwa choti okonza onse ndi oipa mtima. Ndi mmene zimakhalira paliponse pamene wina ali ndi mgwirizano wolembedwa, mnzake ali ndi lonjezo la pakamwa.

Tiwerengere limodzi. Gulu la anthu 20 likachoka kwawo masiku 3, kudya katatu pa tsiku, ndi mbale 180 za nsima. Ndi mipando 20 ya mu shapa kupita, ndi ina 20 kubwerera. Ndi masiku 60 a ntchito amene atayika kumudzi, osawerengera masabata a kuyeserera madzulo. Ndipo taonani nyengo yake: Okotobala ndi Novembala ndiyo miyezi yososa ndi kugalauza, pamene mlimi amathamanga ndi mitambo, komanso alimi a fodya a ku Mandimba ndi Ngauma amakhala akuthirira nazale m'mawa ndi madzulo. Msodzi akachoka panyanja masiku atatu, ukonde wake sugwira usipa wokha. Ng'oma imafuna chikopa chatsopano, malipenga a mganda amafuna kukonza, yunifomu imafuna sopo. Zonsezi gulu limalipira lokha. Tinganene motsimikiza kuti pakati pa othandiza chikondwerero, ovina a kumidzi ali m'gulu la opereka zambiri, koma dzina lawo silioneka pa nsalu ya othandiza imene imapachikidwa kumbuyo kwa nsanja.

Alipo ena, ndipo kuno ku Namacula ndi ambiri, amene amati zikondwerero zingothetsedwa. Amaloza misewu ya m'mabairo imene mvula imakumba chaka ndi chaka, amaloza amayi a pamzere wa madzi m'bandakucha, amati ndalama ya usiku umodzi wa nyimbo ikadagula mapaipi. Mawu awo ndi olemera ndipo sindiwapeputsa. Komabe sindigwirizana nawo, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, chikondwerero chokonzedwa bwino chimasiya ndalama m'manja mwa anthu wamba. Anyamata a njinga zamoto, amayi okazinga mbatata ndi nsomba, eni mabaraka ndi nyumba zogona alendo, alimi a nyemba ndi mbatata ya kachewere imene Lichinga imatchuka nayo, onsewa amaona kusintha masiku amenewo. Chigawo chathu chili kutali ndi likulu, ndipo kwa zaka zambiri ngakhale sitima ya pamtunda sinkafika kuno, mpaka pamene njanji ya Cuamba ndi Lichinga idatsegulidwanso mu 2016. Chilichonse chobweretsa mlendo ndi chikwama chake sitingachitaye.

Chachiwiri, gule amene saonedwa amafa. Mnyamata amaphunzira kuimba ng'oma akaona kuti oimba ng'oma amalemekezedwa. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidazindikira Gule Wamkulu wa Malawi, Moçambique ndi Zambia, pamodzi ndi timbila za Achopi, kuti ndi chuma cha anthu onse a padziko. Ngati akutali amaona mtengo wa zinthu zathu, ife eni tisazitsekere pakhomo.

Chachitatu, nyimbo imagwira ntchito. Gulu la Massukos lidabadwira kuno ku Lichinga mu 1994, nkhondo itangotha, ndipo lidayenda m'midzi likuimba za kusamba m'manja, zimbudzi ndi madzi abwino. Mtsogoleri wake Feliciano dos Santos, amene adatsogoleranso bungwe la Estamos, adalandira mphotho ya Goldman ku America mu 2008 chifukwa cha ntchito imeneyo. Amene amati nyimbo ndi masewera chabe akumbukire zimenezi.

Koma onani, onse awiri, wofuna chikondwerero ndi wochikana, akukangana mumdima. Wina akuti chadya ndalama zambiri, wina akuti chabweretsa phindu, ndipo palibe amene wagwira kope. Ndani mwa inu adamvapo pa wailesi kuti chikondwerero chakuti chidalandira mametikali akuti kuchokera ku khonsolo, akuti kuchokera ku kampani yakuti, ndipo nsanja idadya akuti, oimba a kunja akuti, magulu a m'maboma akuti? Kope likawerengedwa mkangano umakhala wa nzeru. Mwina tidzapeza kuti ndalamayo ndi yochepa kusiyana ndi mmene mphekesera zimanenera, ndipo okonza adzayeretsedwa dzina. Mwina tidzapeza kuti woimba mmodzi wa mphindi 40 adalandira zoposa magulu onse a chigawo, ndipo tidzafunsana ngati tikufuna zomwezo chaka chamawa. Zonse ziwiri ndi zabwino kuzidziwa. Wokonza wachilungamo ndiye woyamba kupindula, pakuti lero amanenedwa pamodzi ndi wosakhulupirika.

Ndipo kufunsa kumeneku si mwano, ndi lamulo. Kuyambira 1998 Lichinga, Cuamba ndi Metangula zimasankha zokha atsogoleri a khonsolo. Marrupa idatsatira mu 2008, Mandimba mu 2013, ndipo Insaca ya ku Mecanhelas mu 2023. Pa malo onsewa pali Assembleia Municipal, imene imavomereza bajeti ndi kuona mmene ndalama zayendera, ndipo misonkhano yake munthu wamba amaloledwa kukhalapo n'kumvetsera. Mabuku a ndalama amapitanso ku Tribunal Administrativo. Pamwamba pa izo, lamulo nambala 34/2014 limapatsa nzika iliyonse ufulu wopempha kudziwa nkhani zokhudza anthu onse zimene zili m'maofesi a boma, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Vuto ndi loti mapepalawo amalembedwa m'Chipwitikizi cha akatswiri, ndipo ndalama ya chikondwerero imabisala m'mizere ikuluikulu monga ya katundu ndi ntchito, kumene ngakhale wophunzira sangailekanitse ndi ya mapepala ndi mafuta. Agogo a ku Chiuanga amene adavina sangaipeze m'menemo. Tidaona mu 2016, pamene ngongole zobisika zidaululika ndipo metikali idagwa mphamvu, kuti ndalama yoyenda mumdima amadzailipira ndi wosauka amene sadaione n'komwe. Za chikondwerero ndi zazing'ono poyerekeza ndi izo, koma chizolowezi chimayambira pa zazing'ono.

Tsono ndikupempha zinthu zisanu kwa akuluakulu a makhonsolo, a maboma ndi a chigawo.

Choyamba, mwezi umodzi chikondwerero chisanachitike, bajeti yake ilembedwe pa pepala limodzi, ipachikidwe pa ofesi ya khonsolo, pa misika ndi kwa asekeretale a mabairo.

Chachiwiri, chikatha, pasanathe mwezi, zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe pa Rádio Moçambique ya kuno ku Niassa ndi pa wailesi za m'maboma monga za ku Mandimba, Metangula ndi Mecanhelas, m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua. Ntchito imeneyi sifuna mphindi zoposa 10. Wailesi zomwezo ndi zimene zimaitana anthu kuti abwere, ndiye ziwauzenso mmene zidathera.

Chachitatu, gulu lililonse loitanidwa lilandire pepala lonena za ulendo, chakudya, pogona ndi malipiro, ndipo ndalama ya ulendo wopita ndi wobwerera iperekedwe gulu lisananyamuke. Masiku ano ndalama imayenda pa foni, kudzera mu M-Pesa kapena e-Mola, kotero palibe chifukwa choti idutse m'manja asanu isanafike kwa woimba ng'oma.

Chachinayi, gawo lodziwika la ndalama za oimba lipatulidwe kuti ndi la ana a chigawo chino, ndipo gawolo linenedwe poyera. Sindikukana alendo. Achinyamata athu amafuna kuona oimba amene amawamva pa foni, ndipo ndi bwino. Koma mwini nyumba asaphikire mlendo nkhuku ana ake akugona ndi njala. Komanso ovina a kumidzi asaikidwe masana dzuwa lili paliwombo, mipando ilibe anthu, kuti angodzaza nthawi podikira usiku.

Chachisanu, madzi ndi zimbudzi zisadulidwe ndalama zikachepa. Mu Seputembala 2022 kolera idalowa m'chigawo chino kuyambira m'boma la Lago, ndipo miyezi yotsatira idavuta kwambiri mumzinda wa Lichinga. Anthu zikwi akasonkhana pagombe kapena pabwalo popanda chimbudzi ndi posamba m'manja, matenda amabwerera nawo kumidzi pa shapa yomweyo imene adabwerera. Malaya osindikizidwa angadulidwe, chimbudzi ayi.

Nanunso atsogoleri a magulu, mafumu ndi anyakwawa, muli ndi mbali yanu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kalata yoitana ikafika, funsani mwaulemu: tiyenda bwanji, tidya chiyani, tigona kuti, tilandira zingati ndipo liti? Pemphani kuti yankho lilembedwe, ndi dzina la wolonjezayo. Magulu a boma limodzi agwirizane mawu amodzi, chifukwa gulu limodzi likafunsa lokha amangolidumpha n'kuitana lina, koma onse akafunsa pamodzi bwalo silingakhale lopanda gule. Ndipo chimene mukupempha kwa akuluakulu muchichitenso kwanu: ndalama ikafika, iwerengedwe pamaso pa ovina onse, mpaka mtsikana wamng'ono wowomba m'manja kumbuyo adziwe kuti idabwera yochuluka bwanji ndipo yagawidwa motani. Magulu ambiri abwino adapasuka chifukwa cha envulopu imene mtsogoleri adatsegula yekha.

Inu amene mudavotera mamembala a Assembleia, afunseni akabwera ku bairo kapena kumudzi kuti chikondwerero cha chaka chino chapatsidwa zingati. Ngati sakudziwa, akafunse, ndi ntchito imene mudawatuma. Aphunzitsi, akatekisiti ndi mashehe amene mumatha kulemba Chipwitikizi, thandizani magulu kulemba kalata ya mizere isanu yopempha chiwerengerocho, mutchulemo lamulo la 34/2014, ndipo musunge kope lodindidwa chidindo cha tsiku limene mwaipereka.

Walira mvula walira matope. Amene wafuna ulemu wotsegulira chikondwerero pamaso pa khamu alandirenso ntchito yoima pamaso pa khamu lomwelo ndi kope m'manja. Seputembala akubwera, ndipo kalata zoitana magulu ziyamba kuyenda posachedwa. Zikafika kwanu, mafunso anayi aja akhale okonzeka. Tsalani bwino, tidzakumananso pa tsamba lino.